Waya wa pa Lamba wa Makina a Bambo

Lolemba, 3 Ogasiti

Wokondedwa mlongo wanga Mzime,

Phukusi lako lafika lero nthawi ya 10:20 m'mawa. Polimasula tinalipo anayi: ine, alamu ako, ankolo a nsapato a khomo loyandikana ndi shopu yathu, ndi adalaivala a lole amene analibweretsa. Adalaivalawo anakana kuchoka mpaka ataona chimene anachinyamula masiku atatu. Kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko? Amayi akupeza bwanji? M'kalata yako sunawatchule ngakhale mzere umodzi.

M'phukusimo ndapezamo kamakina kamodzi, chingwe chotchajira, zomvera za m'makutu, timakhadi tiwiri tosungira mawu, ndi pepala la malangizo. Ngati china chasowa panjira undiuze.

Kamakina kako kopangira nyimboka ndakayeza ndi tepi: mainchesi 5 m'litali, 4 m'lifupi. Ankolo a nsapato anakatembenuza uku ndi uku, nati, "Nanga ng'oma imalowera pati?" Ine ndinangotsata pepala lako. Pagalasi panatuluka manambala m'mizeremizere ngati kaundula wa kusukulu, ndipo kamzere kowala kanayamba kutsika. Kakafika pamene pali nambala, mawu amalira m'makutu. Nyimbo yako ndaimva yonse, mphindi 6 ndi masekondi 12. Ilibe woimba. Ili ngati mvula ikamabwera koma ikadali patali. Alamu ako anamvera mpaka pakati, kenako anafunsa kuti, "Iyamba nthawi yanji?" Ine sindinaseke kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zandidetsa nkhawa. Choyamba, kamakinaka sikadziwa kuwerenga: kakachoka pa 9 kakulemba A, m'malo mwa 10. Mwina kanagundidwa m'lole. Chachiwiri, tsamba lako loyamba lili ndi mizere 16, koma yolembedwa ndi itatu yokha. Ngati nthawi inakuchepera, undiuze manambala ake ndikudzazire.

Wapempha kuti ndikujambulire mawu 9 a m'shopu muno: makina akusoka, sizasi, simbi pansalu yonyowa, chitseko, chitini cha mabatani, mpando wa amayi akaukoka, nyundo ya ankolo kuseri kwa khoma, msewu masana, ndi shopu mukakhala zii. Ndichita. Wakumbukira pa nthawi yake, chifukwa eni nyumba atsimikiza: makiyi ndipereka pa 30 Sepitembala, ndipo pa 5 Okutobala agwetsa mdadada wonse. Pa 1 Okutobala ndiyamba ku fakitale ya mayunifolomu. Kumeneko makina ndi a magetsi, ndiye a bambo awa ndawapezera wogula, adzawatenga pa 14 Sepitembala. Papita zaka 41 chitsegulireni bambo shopu ino, ndi zaka 9 chitisiyireni.

Funso limodzi: nyimbo imeneyi adzaimva ndani?

Ndine mchimwene wako.

Lamulungu, 9 Ogasiti

Achimwene anga a Kalaliki,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndinaiwerengera m'basi, ndipo ndinaseka mpaka mayi amene ndinayandikana naye anasuntha. Mpaka kukayeza ndi tepi! Mukufuna mukasokere malaya? Alamu muwauze kuti nyimbo ija inayamba kalekale, anachedwa ndi iwowo.

Kamakinako sikanagundidwe. Tsamba lililonse kamaliwerenga kuyambira pa 0 mpaka 15, ndiye manambala akatha pa 9 kamabwereka zilembo. A ndi 10, B ndi 11, choncho mpaka F. Inu amene munkawerenga mabatani a bambo limodzilimodzi, izi sizingakukanikeni. Koma mizere yopanda kanthuyo, chonde chonde, manja kumbuyo. Ndimakudziwani, mukaona bowo mumathamangira chigamba. Pamenepo m'pamene nyimbo imapumira mpweya.

Mukasamale kamakinako, ndiko kamandisunga. Kupita kuntchito ndi ola lathunthu pa basi, kubwerera chimodzimodzi. Anzanga amagona kapena kukangana pa foni, ine ndimakatulutsa m'chikwama n'kumaika mawu m'mizere ndi zala ziwiri. Kujambula n'kosavuta: kaikeni patebulo pafupi ndi singano, dinani kabatani kofiira, sokani. Zimveke bwinobwino basi.

Mwafunsa za womvera. Ndi munthu wamkulu kwambiri, ndipo makutu ake sanamizika. Zina ndidzakuuzani.

Amayi ali bwino. Akudya, mankhwala akumwa. Masana ndikakhala kuntchito amatsala ndi mayi wina wa pafupi pano. Pageti ndaikapo loko watsopano, wakale uja ankangotseguka. Masiku ena amakufunsani.

Musachedwe nazo, achimwene.

Mzime wanu.

Lolemba, 31 Ogasiti

Mlongo wanga Mzime,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Kuno kulibe chovuta, kupatula chimfine cha alamu ako chimene chatha masiku anayi.

Ntchito ija ndaimaliza Loweruka pa 29. Pepa kuti ndachedwa. Utanena kuti womvera ndi munthu wamkulu, ndinaona kuti si bwino kumutumizira umphawi wathu. Ankolo a nsapato akuti ayenera kuti ndi bwana wa pa wailesi.

Pa 15 ndinajambula mongoyesa, ndipo nditamvera m'makutu ndinagwidwa manyazi. Ife tinangozolowera, koma makina a bambo amaphokosera. Ukumukumbukira lamba wachikopa amene anaduka ife tili ana, bambo n'kumulumikiza ndi waya wa sipoko ya njinga? Nsonga ya wayayo imagunda chitsulo nthawi iliyonse lamba akazungulira: tche, tche, tche. M'kamakina kako imamveka kuposa singano yomwe. Chitseko nachonso, kulira ngati kamwana ka mbuzi. Zoyeserazo ndinazifufuta kuti zisasakanikirane ndi zabwino.

Pa 22 ndinagula lamba watsopano, ndi kumudula molingana ndi wakale. Pa 24 ndinamasula makina onse, kupukuta, kuthira mafuta malo 14. Mahinjesi a chitseko ndinawapaka girisi. Tsopano makina akuyenda ngati madzi, ndipo munthu angalowe m'shopu iwe osadziwa. Bambo akanaona akanati ndagula ena.

Pojambula tinalipo atatu: ine, alamu ako, ndi ankolo. Ankolo ndinawapempha kuti akhome pokhapokha ndikawauza. Anati, "Zaka makumi atatu ndikukhoma pano, lero ndiye ndizipempha chilolezo kwa telala?" Koma anabwera atavala jekete. Alamu ako anawauza kuti jekete simveka pa wailesi, iwo anati, "Munthu akavala bwino, nyundo imadziwa."

Mawu onse 9 ali pa kakhadi kamene ndakasokerera m'kansalu kabuluu. Adalaivala anyamuka Lachitatu pa 2, ndiye kayenera kufika pa 5. Undiuze zimene bwanayo adzanene.

Amayi uwauze kuti mpando wawo ndaupukuta, ndipo sindiugulitsa.

Ndine mchimwene wako.

Lachinayi, 17 Sepitembala

Achimwene,

Moni. Choyamba mundikhululukire za dzulo pa foni. Ndinakukalipirani ngati mwana, inu n'kumangoti "chabwino, chabwino," mpaka ndinadula ndekha. Cholakwa si chanu. Ndi changa, chifukwa ndinakubisirani.

Lole inafera panjira masiku khumi ndi limodzi, kakhadi kafika dzulo. Komanso ine m'mutu mwanga ndimati makina achoka pa 30 pamodzi ndi shopu. Inu munalemba 14 momveka bwino, ine ndinawerenga ndi diso limodzi.

Kulibe bwana wa pa wailesi. Munthu wamkulu uja ndi amayi.

Kuyambira mwezi wa Meyi mutu wawo sukugwira bwino. M'mawa timacheza, amandidziwa, amanditsutsa kavalidwe monga mwa masiku onse. Koma ikangokwana 4 koloko masana amamanga mpango, kutenga chikwama, n'kukaima pakhomo. "Nditsegulireni, akundidikira ku shopu, mabatani achuluka." Mukudziwa kuti ndi nthawi imene ankabwera kudzasokerera mabatani mpaka bambo atseke. Mu Julaye anatuluka osaonedwa. Tinakawapeza patatha maola atatu pa siteji ya basi, nsapato imodzi palibe. Loko uja chifukwa chake n'chimenecho. Tsopano amagwedeza geti mpaka manja kutupa, ndipo ine amanditchula woyang'anira ndende. Mayi amene amatsala nawo wandiuza mwaulemu kuti Okutobala akatha zili chonchi, asiya. Ine ntchito sindingasiye. Chotsala ndi nyumba yosungirako okalamba. Fomu yake ili m'kabati, sindinasaine.

Lamulungu lina ndinali pampando ndi kamakina kaja, ndikuyesa kugunda kwina kofanana ndi makina osokera, ndipo ndinali nditalumikiza ku sipika. Amayi anali kale pakhomo ndi chikwama. Anatembenuka nati, "Akusoka?" Anaima mphindi ziwiri zathunthu. Kenako anapukusa mutu, "Ayi, si iwo." Ndinaganiza kuti mawu abodza akawaimitsa mphindi ziwiri, enieni akhoza kuwakhazika pansi.

Dzulo ndinapempha kuweruka msanga, ndinaika kakhadi kanu m'sipika 4 koloko ili pafupi. Anamvetsera atapendeketsa mutu. Nyundo ya ankolo anaidziwa, anamwetulira. Makina atayamba anati, "Awa ndi makina a eni ake. Athu sayenda chonchi. Tiye, talowa shopu yolakwika." Ndipo analira kuposa masiku ena onse.

Sindinakuuzeni chifukwa ndikudziwa kuti mpaka lero mumadziimba mlandu kuti munalola amayi achoke kumeneko. Ndimati ndikonze ndekha, ndidzakuuzeni zitatheka. Onani tsopano.

Musavutikenso nazo. Madzi akatayika saoleka. Kamakinako mudzangowapatsa adalaivala ulendo wina.

Mzime.

Lachiwiri, 22 Sepitembala

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi amayi. Kalata yako ndailandira dzulo, ndaiwerenga katatu. Za pa foni usadandaule. Munthu wosenza yekha katundu wa anthu awiri amaloledwa kukuwa. Koma ukanandiuza. Ine ndi wamkulu kwa iwe ndi zaka 11.

Sindinadikire kalata. Zimene unanena pa foni zinandikwanira, ndipo Lachisanu pa 18 ndinapita kwa wogula uja. Ndinapeza mutu wa makina atauika kale kamota ka magetsi. Miyendo yachitsulo anagulitsa kwa wopanga matebulo, chopondera ndi gudumu lalikulu zinapita kwa ogula zitsulo zakale. Anandilola kuugwira mutuwo ndi kuuyeza. Sindinakhalitse.

Lamba wakale ndinali nditawapatsa ankolo a nsapato pa 22 Ogasiti. Nditawafunsa anati anadulamo zingwe za masandasi awiri, ndipo eni ake anatenga kale. Ndinakhala pa benchi yawo. Anandiyang'ana nati, "Iwe telala, wafedwa?" Ndinawafotokozera zonse. Anasiya nsapato imene ankasoka, n'kukhuthulira pansi chitini chawo cha misomali yopindika. "Chikopa ndimadula," anatero, "koma chitsulo sinditaya, ndine mwana wa munthu wosauka." M'misomalimo munali kachidutswa ka lamba, mainchesi atatu, waya wa bambo ali pomwepo, nsonga yake yonyezimira chifukwa chogunda zaka zonsezi. Ankolo anafufuza kansalu koti andikulungire, koma anayamba apukutira m'maso.

Kamakina kako sindikabweza tsopano. Makasitomala atha, onse akudziwa kuti tikutseka, ndiye masana ndimakhala nako patebulo lodulira. Pepala lako ndaliwerenga mbali zonse ziwiri. Ndaona kuti si nkhani ya kuimba ayi. Ndi nkhani yodziwa kuti chakuti chimagwa pa mzere wakuti. Zoimba sindidziwa, koma zimenezo ndimazitha.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Fomu ija isatuluke m'kabati mpaka pa 10 Okutobala.

Ndine mchimwene wako.

Lachiwiri, 29 Sepitembala

Mlongo wanga Mzime,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndikulemba nditakhala pa mpando wa amayi, chifukwa zina zonse zatuluka. Mawa ndipereka makiyi. Ndikufotokozera mmene ndachitira kuti ngati ndalakwitsa udziwe pokonza.

Choyamba kulira kwa waya. Ankagunda chitsulo cha miyendo ya makina, chimene kulibenso. Ndinayesa kumugunditsa pa zitsulo 11, ankolo atatembenukira kukhoma kuti aweruze ndi makutu okha. Sizasi anati ikulira ngati mtsikana. Loko anati ndi wosamva. Chitsulo chawo chokhomerapo nsapato anachikana okha. Nditagunda pa simbi ya makala ya bambo anati, "Imani! Mkulu uja walowa." Ndinajambula kameneko kamodzi.

Chachiwiri masamu. Lamba wakale anali mainchesi 67 ndi theka, ndinalemba tsiku limene ndinadula watsopano. Kagudumu ka pamutu pa makina, pamene lamba amadutsa, ndi mainchesi 9 kuzungulira, ndinakayeza kwa wogula. Kakazungulira kamodzi, singano imabaya kamodzi. 67 ndi theka kugawa ndi 9 ndi 7 ndi theka. Ndiye kuti waya ankagunda kawiri pa kubaya 15 kulikonse: koyamba pamodzi ndi singano, kachiwiri pakati pa kubaya kuwiri. Makina a bambo ankatsimphina. Ndaona m'kamakina kako zimene unayesa Lamulungu lija. Unaika kugunda pa mizere 8 iliyonse, bwinobwino ngati asilikali. N'chifukwa chake amayi anati si iwo.

Choncho ndinadula kubaya kumodzi kwa singano pa zojambula zabwino zija, zimene zinatsalanso m'kamakina, n'kukuika pa mzere uliwonse. Tsamba ndinalifupikitsa, mzere wa F ndinauchotsa kuti itsale 15. Waya ndinamuika pa mzere 0, kenako pa mzere 7 ndi kachizindikiro kochedwetsa theka kamene unalemba kuseri kwa pepala. Liwiro ndinalipeza ndi phazi langa, ndikupalasa pansi monga ankapalasira bambo atakula, osati ali anyamata.

Nditamvera, anali makina athu, koma sanali bambo. Zinanditengera masiku awiri kuti ndidziwe chifukwa. Bambo sankasoka mosalekeza. Ankathamanga msoko wa m'mbali mwa shati, kuima, kutembenuza nsalu, kukonza kukhosi ndi kachifuwa, kuyang'ana kumsewu, kenako n'kuyambanso. Ndiye ndinayamba kufufuta. Masamba anayi kusoka, awiri opanda kanthu. Pena atatu opanda kanthu, ngati pamene ulusi unkawathawa pa singano. Pafupifupi theka la ntchito yonseyi ndi mizere imene sindinalembemo chilichonse. Useke ndithu, ndakulola.

Kukonza kukhosiko ndinajambula kwanga. Alamu ako anali kuseri akumanga makatoni. Atamva anatuluka atagwira pamtima, nati, "Musadzachitenso zimenezo osandichenjeza, ndimayesa apongozi."

Pansi pa zonsezi ndaikapo msewu, nyundo ya ankolo patalipatali, sizasi ndi simbi. Zonse ndi mphindi 60, kuyambira 4 koloko mpaka nthawi yotsekera.

Chitseko chokha chandikanika. Girisi ndamutsuka ndi palafini kawiri, ndi sopo kamodzi, koma chikungotseguka mwaulemu. Ndachisiya, sindinafune kuikamo chitseko cha eni ake.

Pamodzi ndi kakhadi ndatumiza chitini cha mabatani, singano zitatu zamanja, ndi mashati asanu amene eni ake sanabwere kudzatenga. Mabatani ndawachotsa dala. Kumbukira kuti amayi ankakhala kuseri kwa katani, makina ali kudzanja lawo lamanja, mapazi atatu. Sipika uiike choncho, ndipo asaione. Uyambe 4 koloko isanakwane, asanamange mpango.

Ulendo uno sindinapatse adalaivala a lole. Ndapereka ku basi, ndipo ifika Lachinayi pa 1.

Ndine mchimwene wako.

Lachinayi, 8 Okutobala

Achimwene anga,

Moni, moni kwa alamu, moni kwa ankolo ndi jekete lawo. Ndadikira sabata yathunthu ndisanalembe, kuopa kukusangalatsani ndi za tsiku limodzi.

Katundu anafika pa 1 monga munanenera. Loweruka ndinapachika nsalu ya bedi pakati pa chipinda chochezera, sipika kuseri, mapazi atatu, ndinachita kuyeza ngati mwana wa telala. Chitini ndi shati imodzi ndinaziika pa kampando. Itatsala pang'ono 4 koloko ndinayatsa, ine n'kukhala kukhitchini ngati ndikutsuka mbale.

Ndinachedwa pang'ono, mpango anali atamanga kale. Anatuluka kuchipinda ndi chikwama, kulunjika kukhomo. Msewu unayamba kumveka, sanaime. Nyundo, anachepetsa liwiro. Kenako makina. Achimwene, ine ndemwe mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinali nditaiwala kutsimphina kumene kuja, koma thupi langa linali lisanaiwale.

Amayi anaima dzanja lili pa chitseko. Makina anathamanga, n'kuima. Zii. Ndinati basi, atuluka. Kenako kukhosi kuja. Amayi anachotsa dzanja, kutembenuka, n'kuyang'ana nsalu ija nthawi yaitali. Ndimaopa kuti aikankha aone sipika. Sanaikhudze. Anaika chikwama pansi, kukhala pa kampando, kutsegula chitini, n'kuyamba kuvundula mabatani ndi chala. Atapeza loyenera anakweza mawu:

"Mzime! Uwauze abambo ako akonze lamba ameneyu. Chaka ndi chaka ndikunena, akuti mawa, mawa. Mutu ukundiwawa nalo phokosoli."

Ndinati, "Ndiwauza, amayi." Ndinathawira kubafa.

Anasokerera mabatani anayi, awiri pamalo pake, awiri pathumba. Ola litatha anapinda shati, nati, "Atseka okha, tiye tikaphike." Lamulungu chimodzimodzi. Lolemba ndinamuphunzitsa mayi uja kuyatsa. Lachiwiri zinavuta, magetsi anazima pakati, ndipo analira pang'ono, koma geti sanaligwire. Dzulo ndi lero bwinobwino. Mayi uja akuti zikapitirira chonchi akhala. Fomu ndaichotsa m'kabati, ndaiika pansi pa sutikesi. Sindinaing'ambe, sindikufuna kudzinamiza, matendawa sabwerera m'mbuyo. Koma chaka chino amayi sapita kulikonse.

Pena ndimadzifunsa ngati sitikuwanamiza. Mundiyankhe inu, ndinu wamkulu ndi zaka 11.

Dandaulo lilipo limodzi. Mayi uja wandiuza kuti dzulo amayi ali pakati posoka anaimika singano, nati, "Koma malonda afa. Tsiku lonse chitseko osalira ngakhale kamodzi?"

Mashati atsala awiri. Ndimachotsa mabatani m'mawa, iwo n'kubwezera madzulo, koma nsalu yayamba kubooka. Tumizani ena.

Mzime wanu, amene nyimbo zake zonse mwaziposa ndi imodzi.

Lachitatu, 14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Mzime,

Moni kwa iwe ndi amayi. Kalata yako yafika Lolemba pa 12. Poiwerenga tinalipo atatu: ine, alamu ako, ndi ankolo, amene tsopano akukhomera pansi pa mtengo pafupi ndi siteji ya basi. Pofika pa mawu a lamba, ankolo anandiimitsa kuti ndibwereze. Anati, "Mkulu uja anandiuza kuti waya ameneyo sadzamuchotsa, chifukwa tsiku limene adzasiye kulira, mayi a kunyumba adzasowa chowakalipira." Kenako anati utsi wa mabasi ukuwalowa m'maso.

Wafunsa ngati tikuwanamiza. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Chimene ndikudziwa n'chakuti wayayo ndi yemweyo, simbi ndi yomweyo, masamu ndi oona, ndipo amayi amasoka mabatani enieni. Kwa zaka 32 nthawi ya 4 koloko inali yawo. Tangowabwezera.

Ku fakitale ndayamba bwino. Tilipo 46 m'chipinda chimodzi, ndipo makina ake satsimphina. Ndimasoka makolala okhaokha. Ndapempha akapitawo mashati olakwika amene amataya, andipatsa 6, ndatumiza ndi adalaivala a lole, amene akuti ulendo uno galimoto ili bwino. Tiona.

Mdadada anaugwetsa pa 5 monga ananenera. Sindinapite kukaonerera. Koma chitseko sichinagwe nawo. Anachigula ndi bambo, zinalembedwa m'buku lawo, ndipo eni nyumba sanatsutse. Pa 30 ndinachizula pamodzi ndi mahinjesi ake n'kuchikweza pa ngolo. Ndachimangirira pa nsanamira kuseri kwa nyumba, pamtetete, kuti dzuwa ndi fumbi zimalize girisi. Anansi akudabwa. Wina anafunsa alamu ako ngati nyumba yake ikubwera pambuyo. M'mawa uliwonse 5:40, ndisanapite kuntchito, ndimadina kabatani kofiira, kutsegula chitseko, kulowa, n'kutseka. Lero ndi tsiku la 14. Sichinalirebe, koma dzulo chinachita ngati chikufuna. Ankolo akuti tidikire mvula ziwiri.

Chikadzalira ndidzachiika katatu pa ola, motalikirana, kuti amayi adziwe kuti makasitomala alipo koma asachuluke mpaka kuwatopetsa. Kamakina kako kakhala kuno mpaka tsiku limenelo. Ndikudziwa kuti pa basi ukusowa chochita, undipirire.

Unapempha mawu 9. Amene afika ndi kulandiridwa ndi 8. Otsala kwa ine ndi amodzi, a chitseko.

Ndine mchimwene wako.